Njinga Yodana ndi Moni

Nikolasi wa kabaza pa Golomoti anabadwa waulemu, moti ngakhale mbuzi ankazipatsa moni. Koma njinga yake yamoto inayamba nthenda: akangoima, injini zii. Kuti ilirenso, ankaiponda mpaka thukuta kudzaza ngalande za ku Bwanje. Anatsuka kabuleta, napotokola kasikuluwu ka mpweya uku ndi uku, koma ayi ndithu.

Ndiye anayamba kupereka moni akuthamanga. Apongozi ake anangomva "Mwadzu…" kenako fumbi. Uthenga unafika: mkamwini wamwanoyo apinde mphasa azipita kwawo.

M'mawa mwake anaima pakhomo pa apongoziwo, navula chisoti. Injini zii.

"Mwadzuka bwanji, amayi?"

"Tadzuka. Poti mwaima, kasiyeni mpungawu kuchigayo."

Anaiponda mpaka achigayo anatseka. Koma mphasa sanapinde.