Masamba a tiyi amene anayanikidwa padzuwa

Mkazi wanga atamwalira, nyumba yathu ya ku Lungwena inandikana. Ndikakhala pakhonde ndinkafuna kulowa, ndikalowa ndinkafuna kutuluka. Maukonde ndinali nditasiyira ana, ndipo manja analibe chogwira. Tsiku lina titaweruka kutchalitchi, mkulu wa mpingo anandiuza kuti pa loji ina, kutsidya kwa mlatho wa ku boma, akufuna munthu wachikulire wosamwa mowa woti azikonzera alendo tiyi. Ndinapita m'mawa mwake. Imeneyo inali ntchito yanga yoyamba yolembedwa, ndili ndi imvi kale.

Mkulu wa kukhitchini anali Che Jafali, munthu wosachulukitsa mawu. Anati andiyesa mwezi umodzi. Anandipatsa ketulo, tiyipoti, sefa ndi zitini za masamba kuti ndizisunga ine. M'chitini china munali tiyi wakuda wothira mafuta a khungu la begamoti, chipatso chonga lalanje chimene kuno sitilima.

"Uyu sawiritsa m'poto ngati wa kunyumba, madala," anatero. "Tsukuluzani tiyipoti ndi madzi otentha. Supuni yaing'ono imodzi pa kapu. Madzi akangowira thirani, vundikirani, dikirani pang'ono, kenako sefani. Akakhalitsa amawawa."

Kudikirako ndi kumene kunkandivuta. Ndinkavundukula, kusuzumira, kuvundikiranso, kupukuta thireyi yopukuta kale. Che Jafali ankangoti, "Musiyeni apse, sathawa."

Sabata yomaliza ya mwezi woyesedwawo kunabwera Mayi Kalua, namwino wopuma pantchito wochokera ku Zomba. Anali ndi matenda a shuga, ndipo tiyi ameneyu yekha ndiye ankamwa, wopanda shuga ndi mkaka. Anandiuza kuti fungo lakelo limawaiwalitsa shuga, limawatsitsimula mutu, ndipo akamwa atadya m'mimba mumakhazikika. "Koma si mankhwala," anatero. "Mapiritsi anga ndimamwabe. Ndipo madzulo sindimwa, amandithawitsa tulo."

Lachinayi masana anaitanitsa tiyi. Ndinatsegula chitini, n'kupeza mulibe kanthu, chotsukidwa bwinobwino. Ndinayang'ana pashelefu, m'kabati, ngakhale m'firiji. Nditatuluka kuseri ndinapeza masamba onse ali pa lichero, padzuwa la Mangochi, ndipo Abiti Amidu, mayi wotsuka mbale, akuwatembenuza ndi dzanja.

"Ndakupulumutsani, bambo," anatero akusekerera. "Amanunkha sopo. Pagolosale amaika masamba pafupi ndi sopo, ndimazidziwa ine. Kuyambira m'mawa ali pano, nunkhizani, fungo latha."

Ndinanunkhiza. Linalidi litatha, ndipo m'masambamo munali mutalowa fumbi.

Ndinathamangira kumsewu, n'kukwera kabaza wa ku boma. Ndinalowa sitolo ndi sitolo. Wina anandipatsa masamba wamba, wina a ndimu, wina anandifunsa ngati begamotiyo ndi mafuta odzola. Ndinabwerera malaya atanyowa ndi thukuta, m'manja mulibe kanthu, ndipo njira yonse ndinkaona khonde langa la ku Lungwena likundidikira.

Che Jafali anali ataima pakhomo la khitchini, lichero lili m'manja. Abiti anali kumbuyo kwawo, atagwira pakamwa ndi nsalu. Anali ndi ana oti awadyetse.

"Wachita izi ndani?" anafunsa Che Jafali.

"Wosunga chitini ndine," ndinatero. "Amene anayanika amafuna kundithandiza. Ine sindinawauze kuti fungolo ndiye tiyi wake."

"Ndiye pitani mukawauze nokha alendowo. Zimene anene, n'zomwezo."

Ndinapemphera mwachidule ndikuyenda. Mayi Kalua anali pamthunzi wa mtengo, akuwerenga. Ndinagwada, n'kufotokoza zonse monga zinachitikira. Anavula magalasi, anandiyang'ana, kenako anaseka mpaka kutsokomola.

"Sopo! Amayi anga anatero ndithu nditawapititsira koyamba. Anati ndawabweretsera madzi ochapira." Atapukuta misozi anati, "Dzukani, abambo. Ndikonzereni wakuda wamba, muponyemo kakhungu ka ndimu. Sangafanane, koma ndimwa. Ndipo mayi woyanikayo abwere, ndili ndi tiyi wanga pang'ono m'chikwama, alawe."

Ndinakonza makapu awiri, ina ya tiyi wa ndimu, ina ya tiyi wa begamoti wa m'chikwamamo. Tsiku limenelo sindinavundukule msanga. Miyendo inali itatopa, ndipo ndinangoima n'kudikira, manja ali phee. Abiti analawa, anakwinya nkhope, n'kunena kuti, "Sopo ndithu, koma wokoma."

Che Jafali sananene kanthu za mwezi woyesedwa. Loweruka anangondipatsa chitini chatsopano, nati, "Chizikhala chotseka, kutali ndi dzuwa, kutali ndi anyezi, kutali ndi Abiti."

Ndidakali pa ntchito yomweyo. Aliyense watsopano kukhitchini, ngakhale wosesa, ndimayamba ndamutsegulira chitinicho kuti anunkhize, n'kumuuza kuti uku si kununkha, ndi kununkhira, ndipo asayese kukukonza. Ndikapita ku Lungwena ndimatenga masamba pang'ono. Mkazi wanga akanati ndi sopo, ndikudziwa. Ndimathira madzi, kuvundikira, n'kukhala pakhonde paja osadzuka mpaka tiyi atapsa.