Kugogoda Denga la Miyala

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene adadi anagamula kuti nyumba yathu ya ku South Bend yafa. Munali mu Malichi 2013, chipale chofewa chitangoyamba kusungunuka, ndipo mlanduwo anaugamula ataimirira pamsewu, manja ali m'chiuno, maso ali kudenga.

Nyumbayo inali yakale kuposa munthu aliyense amene ndinkamudziwa. Makolo anga anaigula chifukwa inali pafupi ndi chipatala chimene onse awiri ankagwirako ntchito. Denga lake silinali la malata, kapena la timapepala taphula timene aneba ambiri anafolera nyumba zawo. Linali la miyala yotuwa, yopyapyala, yosemedwa ngati matailosi, uliwonse wokhomedwa pawokha ndi misomali. Pansi penipeni pa dengalo panali kachipinda kanga. Kanali kopanikiza, moti ndikadzuka mothamanga ndinkaomba mutu, koma kanali kanga ndekha, kutali ndi mchimwene wanga Yamikani ndi masokosi ake onunkha. Mvula ikamagwa pamiyalapo inkamveka ngati munthu akupeta mpunga patali. Kachipindako ndinkakakonda kuposa chinthu china chilichonse.

Nyengo yozizira ya chaka chimenecho inatisiyira zinthu ziwiri. Miyala ina inatsetsereka ndi chipale nkugwera m'maluwa a amami, ndipo padenga panaoneka mizere yofiirira, yotsika kuchokera kuchumuni mpaka m'mphepete. M'kona ya chipinda changa munayamba kudontha, tinaikamo ndowa.

Loweruka lina kunabwera amalume, achimwene awo a amami, kuchokera ku Speedway, dera la ku Indianapolis, mzinda umene iwo amangouti Indy. Iwo ndi munthu woti nkhani akangoimva mutu wake, mchira amaumaliza okha. Asanavule nkomwe jekete anali atafika kale pa chigamulo.

"Alamu, apa palibe zochedwa," anauza adadi. "Dzimbiri limenelo ndi khansa. Iseleni nyumbayi, igulidwe isanakugwereni, mumuve mubwere ku Indy. Maapatimenti ku Beech Grove ali mbwee, ntchito zachipatala ndiye osanena."

Ndinkayembekezera kuti adadi atsutsa, chifukwa kutsutsa amalume kunali ngati ndiwo zawo. Koma anangogwedeza mutu, nati, "Mwanena zoona, alamu. Denga likachita dzimbiri ndiye kuti latha."

Chifukwa chake ndinadzachimva pambuyo pake kwa amami. Adadi anakulira ku Chiradzulu, m'nyumba imene inali yoyamba kufoleredwa ndi malata m'mudzi mwawo. Zaka zitapita malatawo anafiira, anayamba kuboola, ndipo ntchito ya adadi ali mnyamata inali yosungunula mapulasitiki nkumamata m'mabowo. Chaka china mphepo ya mvula inasasula denga lonselo. Mabuku awo anavunda, banja linakapempha pogona kwa anthu amene kale ankalisirira, ndipo ena ankaseka. Kuyambira pamenepo, kwa adadi mtundu wofiirira padenga unkatanthauza chinthu chimodzi chokha.

Koma tsiku limenelo ine sindinkadziwa zimenezo. Ndinkangodziwa kuti akundilanda chipinda, anzanga a kusukulu, ndi mvula yanga, nkukandiunjika m'chipinda chimodzi ndi Yamikani. Ndinakalipa m'Chingerezi, monga ndinkachitira ndikapsa mtima. Adadi anandidikirira mpaka nditamaliza.

"Tadala, ukafuna kundikalipira uzindikalipira m'Chichewa," anatero. "Apo ayi, sindinamve."

Chichewa changa cha nthawi imeneyo sichikanakwana kukalipira munthu, choncho ndinamenyetsa chitseko nkukwera kuchipinda. Ndinali mwana wamakani, ndipo amati sindinasinthe. Ndinaganiza kuti ngati akundichotsa pansi pa denga langa, dengalo ndinyamula. Lolemba nditaweruka kusukulu ndinatola miyala yonse imene inagwera m'maluwa, ndinaitsuka matope, nkuiyala pamasitepe a kuseri kuti iume ndiilongedze.

Amami anandipeza pamenepo akuchokera ku shifiti, akadali mu yunifomu. Anaima, chikwama chili paphewa, nkhope yawo nkumasuka.

"Ii, masileti! Iwe, ife tinkalembera pa zimenezi mu Sitandade 1. Ukalakwitsa umangothira malovu nkufufuta ndi chigongono."

Anatola umodzi, naugwira pakona ndi zala ziwiri, nkuugogoda ndi kiyi wa galimoto. Unalira kuti ngee, ngati belu laling'ono. Anatola wina, ngee. Ndinawafunsa chimene ankachita.

"Ku msika wa ku Lunzu palibe mzimayi amagula mphika wadothi pongouyang'ana," anatero. "Maso amanama. Umaugogoda. Ukalira bwino ndi wamoyo, ukati phu ndiye kuti uli ndi mng'alu, ngakhale ukongole bwanji."

Tinakhala pamasitepe ozizirawo nkugogoda yonse. Yambiri inalira. Ingapo yokha ndi imene inati phu, ndipo imeneyo inali yofewa, yosendeka mapepalamapepala ngati bisiketi yonyowa, dzimbiri litaidya kuchokera mkati. Kenako amami anaonetsetsa timabowo ta misomali pa miyala yolira ija. M'kabowo kena munatsalira kachidutswa ka msomali. Atakakanda ndi chikhadabo kanangofumbutuka, nkusiya fumbi lofiira pachala.

"Waona? Mwalawu sukudwala ayi," anatero. "Wangotayidwa ndi msomali."

Windo la chipinda changa linkatsegukira padenga penipeni, ndipo ndinawakoka amami mpaka kumeneko, supuni ili m'manja. Anandigwira lamba wa jinzi ndi manja onse awiri, ine nkutulutsa thupi theka, nkuyamba kugogoda paliponse pamene mkono unafika. Kamphepo kozizira kankandiluma makutu. Ndinasankha dala miyala yofiira kwambiri, imene adadi ankaiyang'ana ali pamsewu. Ngee. Ngee. Nditapala umodzi ndi supuni, kufiirako kunachoka, pansi pake nkuoneka mwala wotuwa bwinobwino. Dzimbirilo silinali lake. Linkatsika ndi madzi kuchokera ku misomali ndi ku chitsulo chakale chozungulira chumuni.

Adadi anakwera masitepe akuthamanga, atamva phokosolo ali pabalaza. Atandiona ndili lende pawindo anakuwa kuti, "Mayi a Tadala, mukufuna kundiphera mwana?"

Amami anandikokera mkati mosapupuluma, natenga supuni ija nkuwapatsa adadi. "Bambo a Tadala, awa si malata. Tagogodani nokha."

Anaiyang'ana supuniyo ngati tawapatsa njoka. Kenako anagwada pawindo, nasankha mwala wofiira kuposa yonse, nkuumenya mwamphamvu ngati akufuna usweke kuti nkhani ithe. Unalira mpaka ndinaumva m'mano. Anagogoda wina, nkugogodanso wina. Anakhala pamenepo nthawi yaitali, msana wawo uli kwa ife, chipinda chonse chitazizira. Ndinali ndisanawaonepo adadi akumvetsera chinthu chotero.

"Koma ndiye ikulira," anatero pomaliza. Anaseka pang'ono, nkupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, nati ndi mphepo.

Kutafunda adadi anaitana mmisiri wa madenga a miyala. Mmisiriyo anachotsa miyala yofewa, anakhomanso yabwino ija ndi misomali yamkuwa imene sichita dzimbiri, nasintha chitsulo cha pachumuni. Ina mwa miyala imene ndinkafuna kuthawa nayo inabwerera kudenga. Ndowa ija inabwerera kubafa. Mizere yofiirira sinachoke yonse, ndipo adadi anakana kuti aitsuke. Amalume atabweranso anazungulira nyumba manja ali kumbuyo, nati iwo ankanena kuyambira kale kuti nyumba zakalezi nzolimba. Amami anangowathirira tiyi.

Ndinagona m'kachipinda kaja mpaka tsiku limene ndinapita kukoleji. Lero ndimagwira ntchito m'katikati mwa Indianapolis, ndipo choseketsa nchakuti ndimakhala ku Beech Grove komwe kuja, m'apatimenti imene ndinasankha ndekha. Makolo anga akadali ku South Bend, pansi pa miyala yawo.

Kwa zaka zambiri ndinkafotokoza nkhaniyi ngati ya tsiku limene ine ndi amami tinapambana. Tsopano ndimaiona mwina. Adadi ataimirira pamsewu paja sankaona denga lathu. Ankaona la ku Chiradzulu, ndipo ankafuna kutichotsa mphepo isanafike, kuti ana awo asadzapemphe pogona kwa anthu. Mantha amene munthu wachoka nawo kwawo amafulumira kuona iye mwini asanaone. Inenso ndili nawo anga, ndipo ndikamva mtima ukundiuza kuti chinthu chatha, kaya ndi ntchito kaya ndi chibale, ndimayesa kuyamba ndagogoda.

Mwala umodzi ndinaubisa, sunabwerere kudenga. Uli pawindo la kukhitchini kwanga, ndipo uli ndi mzere wofiira pakati. Adadi akabwera kudzandiona, tsitsi lawo lili mbuu tsopano, sayamba ndi kukhala pansi. Amalunjika kukhitchini, amatenga supuni m'dirowa, amaugwira mwalawo pakona ndi zala ziwiri nkuugogoda, mutu atapendeketsa. Akamva kuti ngee amandiyang'ana nkunena kuti, "Eya, mwana wanga. Tikhala."