Supuni ya Atsibweni

Supuni ija idali yopindika pakhosi, chifukwa amayi ankatsegulira nayo zitini. Inkakhala m'kapu yobiriwira pawindo la chipinda chimene atsibweni, mlongo wawo wa amayi, adagonamo chilimwe chomwe adabwera kudzadwalira kwathu, kufupi ndi Bangula. Ine ndidali Sitandade 5.

Atsibweni adali ogulitsa nsomba. Ankamanga dengu la milamba yowamba panjinga, ndipo akayamba kuitanira malonda pamsika, mawu awo ankafika mpaka pasiteji ya maminibasi. Chaka chimenecho adayamba kutsamwa nsima, kenako mpunga, pomaliza ndi phala lomwe. Achipatala adawatumiza ku Blantyre, komwe adabwerako ndi dzina la matenda: khansa ya kummero. Chotupa chidatseka njira ya chakudya. Madokotala adati chotsala n'kuchepetsa ululu basi. Akazi awo adali atamwalira kale, choncho amayi adawayalira mphasa kwathu.

Kutentha kwa Okutobala kuchigwa sikusimbika. Malata ankathetheka pamutu, madzi a mumtsuko ankafunda ngati tiyi wotsala, nkhuku zili kukamwa yasa pansi pa nkhokwe. M'chipindamo munkanunkha sopo, thukuta ndi phala losasa.

Namwino woyendera odwala m'makomo ankabwera panjinga ndi botolo la mankhwala amadzi oletsa ululu. Adali mayi wosachulukitsa mawu. "Musawakakamize kudya," adawauza amayi ine ndikumva. "Muzingowanyowetsa milomo. Chimene apempha okha, apatseni."

Amayi adamva, ndipo tikakhala tokha ankachitadi zimenezo. Atsibweni ankapempha kanjere ka malambe, n'kumayamwa pang'onopang'ono, maso ali chitsinzinire. Ine ndikachoka kumjigo ankandikodola. "Wailesi yanga, kwagwanji lero?" Ndinkawasimbira amene atukwanizana pamzere, iwo n'kumaseka ndi mapewa okha, chifukwa mawu adali atayamba kutha.

Vuto lidali alendo. Kwathu wodwala sazondedwa chimanjamanja. Wina amabwera ndi thobwa la mapira, wina phala la mpunga, ndipo sanyamuka asanaone wodwalayo atalawako. Funso loyamba likatha moni ndi limodzi: "Adya?" Yankho likakhala ayi, mlandu si wa matenda, ndi wa wosamalira. Mkazi amene mlongo wake wafera m'nyumba mwake osadya, mawu akuti njala satenga nthawi asanasanduke ufiti. Choncho kunja kukamveka odi, amayi ankatenga supuni.

Ankawadzutsa atsibweni n'kuwatsamiritsa kukhoma. Phala linkalowa, n'kuima penapake, n'kubwerera ndi malovu, nthawi zina ndi timagazi. Mitsempha ya pakhosi inkatuluka ngati zingwe. Alendo ankalimbikitsa ndi mtima wabwino ndithu: "Limbikani, bambo, chakudya ndiye mankhwala." Atsibweni ululu ukakula ankathawira ku Chisena cha pamsika. "Nkhabe funa." Sindikufuna. Amayi ankati, "Imodzi yokha, achimwene," koma sinkakhala imodzi.

M'mawa wina ndikusesa pakhomo ndidamva atsibweni akunong'ona. "Mlongo wanga, ndatopa. Ulendo ndauona, sindikuuopa. Chinthu chimodzi chokha, supuniyo isandiyandikirenso."

"Musatero, achimwene, amenewo ndi malodza," adatero amayi, monga amayankhira aliyense kwathu munthu akatchula imfa yake. Koma adatenga supuni ija n'kukaiponya m'dengu la mbale, ndipo ndikukhulupirira kuti adatsimikiza mumtima.

Masana a tsiku lomwelo kudafika abale a malemu akazi awo, ochokera ku Marka, fumbi lili mpaka m'maondo. Patsogolo padali mayi wachikulire, chigubu cha thobwa pamutu. Adakhala pamphasa, adapereka moni, kenako funso lija.

"Adya?"

"Namwino adati tisawakakamize," adayankha amayi, maso pansi.

"Namwino? Ndi m'bale wawo namwinoyo? Akafa ndi njala muno, anthu adzaloza namwino kapena inu?"

Amayi sadasunthe. Amene adasuntha ndi atsibweni. Adayang'ana mayi wa ku Marka uja, adayang'ana mlongo wawo, kenako adaloza kudengu la mbale. Ine ndidathamanga kukatenga supuni. Atsibweni adatsegula pakamwa popanda wowanyengerera. Adalandira yoyamba, yachiwiri, yachitatu, thukuta likuyenderera, amayi akuwamwetsa, thobwa lina likudonthera pachifuwa pawo. Alendo adaomba m'manja. "Mwaona? Amangofuna kuwalimbikitsa."

Alendo atangotuluka, chifuwa chidayamba. Atsibweni adatsokomola mpaka dzuwa kupendeka, thupi lidatentha, ndipo namwino atabwera adati thobwa lina lidalowera kumapapo. Kuyambira pamenepo sadapemphenso malambe, ndipo wailesi yawo sadaiitanenso. Adamwalira mvula yoyamba isanagwe, akupuma ngati munthu wokwera phiri la Thyolo ndi katundu. Pamaliro anthu adawayamikira amayi. Adati mlongo wawo sadagonepo ndi njala.

Masiku ano, pantchito yanga ya nyuzipepala, ndimawerenga za maiko amene lamulo limalola wodwala wosachiritsika kupempha madokotala kuti amuthandize kufa. Kwathu kuno lamulo lotero kulibe, ndipo sindikudziwa ngati atsibweni akadalifuna. Iwo sadapemphe kufulumizitsa imfa, adangopempha kuti aidikire mwabata. Chimene chimandigwira m'nkhanizo n'chakuti lamulo lisanayambe kugwira ntchito, amayamba aphunzitsa anamwino, n'kukambirana ndi mabanja, mipingo ndi anthu wamba za mmene angamvere munthu akati watopa. Kwathu namwino adali wokonzeka, amayi adali okonzeka, atsibweni adali okonzeka kuposa tonse. Koma palibe amene adakhala pansi ndi azimayi a kumpingo, anansi ndi abale a ku Marka kuwauza kuti pali matenda amene chakudya chimasanduka chilango. Namwino adalankhula m'chipinda, pomwe mlandu unkazengedwa panja.

Amayi sadaigwiritsenso supuni ija. Adaisomeka mu udzu wa denga la khitchini, ndipo idakhala momwemo mpaka mwaye udaidetsa bii. Za tsiku lija sadanenepo kanthu mpaka imfa yawo, ndipo ine ndidachedwa kuwafunsa.

Chimene ndimakumbukira kwambiri ndi chimwemwe changa masana amenewo. Alendo asananyamuke, ndidatenga ndowa n'kuthamangira kumjigo, ndikuuza aliyense panjira kuti atsibweni adya okha, ayamba kuchira. Pobwerera ndidapeza amayi atakhala kuseri kwa nyumba, chitenje chili kumaso, ndipo ndidadabwa kuti akulira chiyani pa tsiku labwino chotero. Sindinkadziwa kuti thobwa lija atsibweni sadamwere njala. Adamwera mlongo wawo, kuti iwo akapita, amayi atsale m'mudzi wopanda wowaloza chala.