Tsiku limene motoka ya mwana wanga inandithawitsa pa Nyimba

Mudzanena kuti mkuluyu wayambanso nthabwala zake, koma izi n'zoona, ndipo mboni ilipo, amai a kunyumba kwanga, amene mpaka lelo akamva injini ikukalipa amagwila mpando ngakhale ali pakhonde.

Ine ndinayendetsa lole ya thonje zaka zambili, kuchoka kwathu ku Kalindawalo kukwela mapili onse aja mpaka ku Lusaka, ndipo sukulu ndinaisiya pamene aphunzitsi anayamba kusakaniza manambala ndi zilembo. Mwana wanga wamkazi ndiye anatenga mutu wanga n'kuwonjezelapo mapepala, ndi makanika ku tauni. Zaka zingapo zapitazo anabwela kumudzi ndi motoka yake yogwada pansi ngati kamba, yokhala ndi tabo, kachipangizo kaja kopopela mpweya mu injini kuti mphamvu zichuluke. Ndinapempha kuti ndiilaweko pang'ono, iye anakana mwaulemu, akuti atate iyi si lole. Mwana amene ndinamuphunzitsa ndekha kugwila sipanala, kundiuza ine zimenezo? Ndinangoseka, koma ndinasunga mumtima.

M'mawa wina anatitenga ine ndi amai ake kukaona m'bale wanga ku Kacholola. Mvula inali itangokata. Pa Nyimba anaima m'mbali mwa mseu kuti akagule nthochi, injini anaisiya ikulila kuti amai ake azimva kamphepo kozizila, chifukwa iwo amati ukalamba wawo ufuna firiji. Matayala a mbali imodzi anali pa tala, a mbali inayo pa miyala ndi matope. Kutsogolo kwathu, mwina mapazi makumi atatu, panali azimai okhala pansi ndi mabeseni awo a nthochi, wina ali ndi khanda kumbuyo.

Ndiye inabwela basi kumbuyo, dalaivala n'kuyamba kuliza hutala ngati tamutsekela njila ya kumwamba. Amai anati tidikile mwana. Ine ndinati kusendeza motoka pang'ono sikufuna satifiketi, ndipo ndinatuluka n'kukakhala pa sitelingi, chifuwa patsogolo, kuti dalaivala wa basi uja aone kuti kuno kulinso akatswili.

Tsopano mvetsetsani apa, chifukwa ndi pamene panali tsoka langa. Mwendo wa munthu wa lole uli ndi nzelu zakezake, sufunsa mwini wake. Wamanzele umafuna kilachi, umaiponda mpaka pansi, wamanja umapatsa moto, kenako wamanzele umachoka, lole n'kunyamuka pang'onopang'ono ngati nkhalamba yodzuka pamphasa. Mwendo wanga unapeza chopondela chachikulu n'kuchiponda ndi mtima wonse, osadziwa kuti motoka imeneyi ilibe kilachi, chimenecho ndi buleki. Giya ndinaikokela mpaka kumapeto, poganiza kuti kumeneko ndiko kuli mphamvu. Moto ndinaponda pang'ono, injini sindinaimve bwino, makutu anga anathela mu lole, ndiye ndinaponda mpaka phazi linagunda pansi.

Injini inayamba kulila mosakwela, mosatsika, bu-bu-bu-bu, kumbuyo kukuphulika ngati chimanga m'chiwaya, motoka yonse ikunjenjemela ngati galu womangidwa amene waona nyama. Pagalasi la kutsogolo panatuluka mau olembedwa, koma mandala anga anali m'thumba la jekete. Amai anandifunsa ngati ndikudziwa zimene ndikuchita, ine ndinawauza kuti aone zimene anakwatiwa nazo. Ndinachotsa mwendo wamanzele.

Anzanga, ndakumanapo ndi njovu pamseu, buleki inandithelapo pa chitsikilo, koma izi sindinazionepo. Mutu unamatila kumpando, chipewa chinapita kumbuyo, matope anauluka mpaka pa galasi la basi. Matayala a pa tala anagwila, a m'matope anatelela, ndipo mphuno ya motoka inatembenukila kwa azimai aja. Ndinaona maso a khanda lija, ndikuwaonabe mpaka lelo. Mwendo wamanja unauma pa moto, wamanzele ukusakasaka kilachi imene kulibe, ndipo mumtima ndinati ndapha anthu chifukwa chofuna kuonetsa dalaivala wa basi amene sindidziwa n'komwe dzina lake.

Pomwepo kanyali kachikasu kanayamba kuphethila, injini inatsamwa yokha ngati wina waigwila pakhosi, pansi panamveka gu-gu-gu, ndipo motoka inadziwongola, ine manja ndisanawasunthe. Kamphindi kameneko ndi kamene kanandibwezela nzelu. Ndinachotsa phazi pa moto, n'kuponda chopondela chachikulu chija ndi miyendo yonse iwili. Tinaima pambali pa beseni loyamba, nthochi zitavala matope, munthu aliyense ali wamoyo.

Azimai aja anandinyoza mu Chinsenga chimene sindingalembe, ndipo ananena zoona. Kenako amai anati, “Naona zimene n'nakwatiwa nazo.”

Mwana wanga anafika akuthamanga, anayamba wagwada kwa azimai aja, kenako anatsegula chitseko. Ndinayembekezela moto, koma anangondigwila dzanja. Ndinamuuza kuti m'motoka yake muli mizimu iwili, woipa umodzi ndi wabwino umodzi. Anandifotokozela kuti zimene ndinachita ndi miyendo ndizo ndendende zimene amachita a mpikisano, amazitcha lonchi: ukagwila buleki n'kuponda moto wonse, motoka imadzaza tabo mpweya, imadikila, ndipo ukaimasula imatulutsa zonse nthawi imodzi. Wabwino uja ndi kabongo kamene kamamvetsela tayala lililonse, likatelela kamachepetsa moto n'kuligwila lokhalo mpaka onse ayende pamodzi. Anati pali kabatani kozimitsila kabongoko, anzake ambili amakazimitsa kuti matayala alile anthu aziwaona, ndipo iye akanakhala wotelo, tsiku limenelo tikanalila malilo.

Ndinaganiza kuti sitelingi ndatsanzikana nayo. Koma tsiku lotsatila ananditengela pabwalo louma lopanda munthu ngakhale mbuzi, n'kundipatsa makiyi. “Atate, mwendo wamanzele mwaupatsa penshoni. Uzingokhala.” Ndinayenda ngati mkwatibwi, iye akuseka, ndipo sindinachite manyazi kuphunzila kwa mwana amene ndinamuphunzitsa sipanala.

Lelo ndikhulupilila kuti makina atsopanowa si adani a nkhalamba, amangofuna kufunsidwa. Inu anyamata a tabo, lonchi yanu kachitileni kopanda anthu, ndipo kabatani kaja kasiyeni, kabongo kaja kanapulumutsa khanda pa Nyimba. Inu akulu anzanga, motoka imene simuidziwa, yambani mwawelenga zopondela musanaponde. Ine mwana akabwela ndimayendetsa mpaka ku Petauke, amai ali pambali, dzanja lawo lili pa bondo langa lamanzele. Anthu amati ndi chikondi.