Masitonkeni a nambala yaing'ono

Kwathu ku Bembeke mtsikana aliyense anali ndi mawanga a moto m'miyendo. Mwezi wa Juni ukafika, chifunga chitakuta mapiri, tinkathithikana pamoto mpaka misongolo kuchita mizeremizere yakuda. Thalauza nthawi imeneyo mkazi sankavala, boma linakaniza, ndipo diresi linkayenera kubisa mawondo. Kuchokera pamenepo kutsika m'munsi zinali za iwe mwini ndi mphepo ya ku Dedza.

Mawanga angawo sindinkawalabadira mpaka pamene ukwati wanga unayandikira. Wondikwatirayo anali mphunzitsi wa pamishoni, koma amayi ake ankakhala ku Limbe ndipo ndinali ndisanawaonepo. Diresi loyera ndinabwereka kwa msuweni wanga, munthu wamfupi ngati mtondo, moti pa ine linkangothera kunsi kwa mawondo. Mtima sunkakhala m'malo. Ndinkati apongozi a m'tauni akangoona miyendo imeneyi adzati mwana wawo watola kamtsikana kokulira m'phulusa.

Azakhali, achemwali awo a bambo, ankagwira ntchito m'nyumba ya azungu ku Zomba. Anafika kutatsala masiku ochepa, natulutsa m'chikwama timapaketi tiwiri ta masitonkeni aja olumikizana mpaka m'chiuno. Ndinalumpha ngati mwana wa mbuzi! Anzanga onse anathamangira kudzaona, wina aliyense akufuna kukhudzako.

"Manja kutali!" anatero azakhali. "Manja okumba mbatatesi amenewo ang'amba zinthu. Iwe mkwatibwi, bwera uone. Awa ndi fifitini, awa ndi sikisite."

"Ine mwendo wanga ndi wa saizi yanji, azakhali?"

"Saizi yachiyani? Nambala imeneyi ikunena kukhuthala kwa ulusi. Ikakhala yaing'ono, sitonkeni ndi yopyapyala, khungu limaonekera. Ikakula, ndi yokhuthala, imabisa ndiponso imafunditsa."

Anandidzoza mafuta m'manja, kenako anandiuza kuti ndilowetse dzanja m'kati n'kuloza kudzuwa. M'a fifitini ndinkaona mizere yonse ya m'chikhatho changa, dzanja likunyezimira ngati la munthu wina. Ndinawakonda zedi, sindinama. M'a sikisite dzanja linasowa, ndipo anzanga anayamba kundiseka kuti ndidzaoneka ngati asisitere a pamishoni. Aseke, ndinatero mumtima, bola mawanga abisike. Ndinasankha a sikisite, ndipo tsiku lonselo ndinayenda nawo m'nyumba, ndikudzigomera ndekha.

Nawonso amayi anafuna kuchitapo kanthu. Dzulo lake la ukwati anawachapa masitonkeni a sikisitewo kuti ndidzavale oyera. Koma ku Dedza mu Juni chovala sichiuma panja, aliyense amadziwa kuti chonyowa chimayanikidwa pafupi ndi moto. Amayi anachita zomwe anachita moyo wawo wonse. Tinangomva fungo lachilendo kukhitchini, ndipo pothamangirako tinapeza mwendo umodzi utakwinyika n'kusanduka phula.

Ndinalira, ndinakalipa, ndinanena mawu oti mwana sanenera mayi ake. Amayi anangoima atagwira chotsalacho. Azakhali ndiwo anandidula pakamwa.

"Basi, watha! Madzi akatayika saoleka. Uvala a fifitini, ndipo udzayenda ngati munthu."

M'mawa mwake azakhali anandiveka okha, pang'onopang'ono, kuyambira kuzala. Kunja kunkazizira koopsa, koma ine thukuta lili kamukamu. Miyendo inali yosalala, yonyezimira, yokongola kuposa mmene ndinaionerapo, ndipo mawanga onse ankaoneka bwinobwino ngati ali pawindo. Panjira amayi a m'mudzi ankalulutira, ana akuthamangira kutsogolo, anzanga akuimba mpaka mawu kusasa. Chimwemwe chinkandikwera, mantha n'kuchitsitsa, chimwemwe n'kukweranso.

Pakhomo la tchalitchi panaima mayi wamtali wovala chipewa, nsapato zazitali ndi chikwama chakuda pamkono. Sindinafunse kuti ndi ndani. Ndinagwada n'kuwapatsa moni, iwo n'kundidzutsa ndi manja awiri. Kenako maso awo anatsika, monga ndinkaopera, nakaima pamisongolo panga. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

"Nkhuni zake zinali za chiyani?" anafunsa apongoziwo.

"Zitsononkho, amayi," ndinayankha motsitsa mawu. "Nkhuni kuno n'zosowa."

Anaseka mokweza mpaka abambo mfumu anasuzumira pakhomo. Atatero anaika chikwama pansi, nawerama pamaso pa anthu onse, natsitsa sitonkeni yawo yokhuthala mpaka m'kakolo. Msongolo wawo unali ndi mizere yakuda kuposa yanga.

"Ine ndinakulira kwa Kaphuka, ku Dedza konkuno, mwana wanga. Ku Limbe ndakalambirako ndikubisa zimenezi. Iwe wandiposa. Tiye, lowa, mnzako wazizidwa kuguwa."