Chaka Chimene Anagaya Msewu Wathu

Khonsolo ya dera lathu idakali ndi ngongole kwa ine: mamailosi khumi ndi anayi a phula. Ine ndi mwamuna wanga Merle tinakhoma msonkho zaka makumi atatu osajomba, ndipo msewu wochoka pafamu pathu kukafika kutauni unali wa phula. Lero ndi fumbi. Sunawonongeke wokha ayi. Anabwera ndi chimakina n'kuugaya dala, ife tikuona.

Inu amene mumafuna nkhani zolimbikitsa, ndikuuzani ya mwana wanga Shawna. Kukometsa mawu sindidziwa, sukulu ndinalekezera panjira. Wofuna zotsekemera akagule switi.

Zinayamba akuluakulu a boma lalikulu atagwirizana kuti asamawononge ndalama zoposa zimene atolera. Pawailesi zinkamveka zanzeru, inenso pakhomo panga ndimayendetsa choncho. Koma iwo atachepetsa zimene ankatumiza kuchigawo chathu, a kuchigawo anachepetsa za khonsolo, ndipo khonsolo itayang'ana pansi inapeza ife. Anati kukonza phula n'kodula, msewu wa timiyala ndiye angaukwanitse. Chaka chisanathe anachotsa ntchito anthu osalaza misewu ya timiyalayo, n'kuimitsanso galimoto yonyamula odwala.

Merle impso zinali zitasiya kugwira ntchito. Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu ankayenera kukakhala pa makina osefa magazi kutauni. Akajomba kamodzi miyendo inkatupa. Akajomba kawiri ankabanika.

Shawna anali ndi zaka 26, atabwerera pakhomo chimanjamanja. Sukulu ya unamwino inamukanika, mwamuna anamuthawa, sitolo imene ankagwirako inatsekedwa. Ine ndinkangomutcha mlendo wa kuchipinda cha kuseri. Ntchito yake inali imodzi, kuyendetsa bambo ake pa pikapu yathu. Msewu unachita mizeremizere ngati lata, ndipo Merle ankafika kuchipatala atasanza, nkhope itatuwa.

Tsiku lina Shawna anamva kuti khonsolo ikugulitsa katapila wake wakale wosalazira misewu.

"Amayi, tigule katapila uja."

Ndinamufunsa ngati ankadziwa ngakhale poliza. Anati ayi. Ndinamuuza kuti munthu amene anakanika kubaya jekeseni asandinyanse ndi za makina. Koma sanachoke pamaso panga. Pa tsiku lachitatu ndinagulitsa ana a ng'ombe asanu ndi mmodzi, n'kupita kwa a Stroud, wapampando wa khonsolo. Anatchula mtengo wawo. Ndinawauza kuti ogula zitsulo zakutha sangawapatse ngakhale theka, ndipo ndinakhala mu ofesimo mpaka khofi wawo anazizira kawiri. Anavomera kuti ndingowachokera.

Mwanayo anaphunzira yekha kumunda, akuonera pafoni. Anagwetsa mpanda wa waya, anathyola geti, anatsala pang'ono kugumula khola. Patatha mwezi analowa mumsewu, n'kuupala wonse mpaka kutauni. Unasalala kuti see. Anthu ankamuimbira hutala podutsa. Merle anagona tulo m'galimoto koyamba chigayireni msewuwo, ndipo atadzuka anauza mwana wake kuti, "Tsopano wapeza chimene unabadwira".

Kenako mvula ya mu Epulo inabwera. Madzi sanapite kulikonse, anangokhala pamsewu, ndipo pofika Lachisanu unali phala lokhalokha. Pikapu inatitimira tisanayende mamailosi awiri. Lolemba chimodzimodzi. Ambulansi ya chipatala cha kutauni inabwerera panjira. Lachiwiri mnansi wathu anakoka pikapu ndi thirakitala, Merle alimo, mpaka pouma, koma madzi anali atadzaza kale m'mapapo. Anamwalira Lachinayi.

Pamaliro panabwera a Orval, mkulu amene anayendetsa katapila yemweyo zaka 28 asanachotsedwe ntchito. Titaika maliro anamupeza Shawna, mbale ili m'manja.

"Iwe mwana wa Merle, anakuuza ndani kuti msewu ndi tebulo? Msewu umafuna msana pakati, madzi azitsikira m'mbali. Iwe msanawo unaumeta."

Ndinafuna kuwagenda ndi mpando. Koma ankanena zoona.

Shawna anadzitsekera miyezi iwiri. Katapila anamera udzu m'matayala. Ankangobwereza mawu amodzi, oti wapha adadi ake. Azimayi a kutchalitchi ankamuuza kuti alibe mlandu, linali tsiku lawo. Ine sindinamuuze zimenezo, chifukwa akanadziwa kuti ndikunama. Ndinamuuza kuti anayamba ndi amene anagaya phula, anatsatira amene anachotsa a Orval, mvula inathandiza, ndipo iyenso gawo lake lilipo. Ndinamuuzanso kuti pamsewu womwewo patsala mabanja khumi ndi asanu ndi anayi, ena ndi nkhalamba, wina ndi woyembekezera, ndipo phala limene anakandalo lauma ndi mikwasa yake. Alikonze kapena agulitse chitsulocho ndibweze ng'ombe zanga.

Anapita kwa a Orval. Anamubweza, akuti sangaphunzitse munthu wogwira ulere ntchito imene iwo ankadyera. Anapitanso, anamubwezanso. Ulendo wachitatu ndinapita naye. Tinagwirizana kuti ndiziwaphikira nyemba ndi buledi wa chimanga masana alionse, ndipo njira yolowera kunyumba kwawo ikhale yoyamba kukonzedwa. Anafunanso payi, keke ya zipatso, Lamlungu lililonse. Ndinakana.

Kaphunzitsidwe kawo kanali kankhanza. Ankamuitana kuti Namwino. Ankayenda pambuyo pa katapila ndi ndowa, ndipo Shawna akamaliza chigawo ankathira madzi pakati pa msewu n'kuima manja ali m'chiuno. Madzi akathamangira m'ngalande ankangolavula n'kupitirira. Akaima ngakhale pang'ono, ankati, "Namwino, wodwala wako wafanso. Bwerera." Mwanayo ankabwerera, nthawi zina kasanu pamalo amodzi, akulira m'chimakinamo, dzuwa likumuwotcha. Manja anachita zikang'a. Mafuta ankagula ndi ndalama za mazira anga. Chilimwe chonse chinathera pa mamailosi khumi ndi anayi amenewo.

Epulo wotsatira mvula inagwa yoposa ija. Msewu unauma tsiku lomwelo. Ndinaima pazenera n'kuona galimoto ya makalata ikudutsa ngati palibe chachitika, ndipo ndinapsa mtima m'malo mosangalala. Chinthu chochepa chonchi, msana wa dothi wosakwana chikhatho, ndi chimene Merle anasowa.

Mabanja aja anayamba kusonkha za mafuta. A misewu ina anabwera kudzapempha. Lero Shawna ali ndi akatapila atatu, analemba ntchito anthu awiri mwa amene anachotsedwa aja, ndipo a Orval ndi kapitawo wake, akumutukwanabe. Khonsolo yomweyo imamulipira kuti asalaze misewu ya kumpoto konse. Anthu amati mwana wa Merle anatukuka. N'zoona. Koma sindinamuonepo akuseka mvula ikamagwa, ndipo akafika pamene pikapu inatitimira paja amazimitsa wailesi.

Mwezi watha ndinapita kumsonkhano wa khonsolo. Ndinaimirira n'kunena kuti mwana wanga wachita mbali yake ndi kupitirira, tsopano iwo abweze phula limene tinalipira. A Stroud sanatsegule n'komwe buku.

"Mayi, phula silibweranso. Osati chaka chino, osati chaka china chilichonse. Chaka chamawa tigaya misewu ina iwiri."

Ndinawafunsa ngati amenewo ndi mawu omaliza. Anati inde, n'kuitana wotsatira.

Ndiye inu amene akulandani chanu, osataya mtima. Sindikunena kuti adzakubwezerani. Sadzabweza, ndipo amene mwataya sadzadzuka. Lirani, mukatha mudzuke, chifukwa palibe amene akubwera. Koma musanatsitse mpeni wa katapila pansi, kafunseni kaye amene akuidziwa ntchitoyo, ngakhale akhale wamwano chotani.