Swichi ya Pambali pa Bedi la Mayi Elena

Tangoganizani m'mawa wa mwezi wa Juni m'midzi ya kumtunda kwa Linthipe. Chifunga chaphimba minda ya kachewere, ana a sukulu akuyenda manja ali m'khwapa, ndipo kuseri kwa mitengo ya bulugama kukumveka kugogoda: kho, kho, kho. Mukatsata phokosolo mufika pa nyumba yatsopano ya njerwa zootcha, yofolera malata koma yopanda zitseko. M'katimo muli munthu mmodzi yekha, tsitsi ndi nsidze zitafiira ndi fumbi la njerwa. Amenewo ndi a Ephraim Kadzamira, mmisiri wa zamagetsi.

Ntchito yawo ndi yosaoneka. Amagoba khoma ndi tchizulo ndi hamala, n'kulowetsamo timabokosi tachitsulo momwe mudzakhale maswichi ndi masoketi. Akatero amayala mapaipi odzadutsamo mawaya, n'kutseka bokosi lililonse ndi pepala la thumba la simenti kuti matope asalowemo. Omanga akapaka pulasitala, zonsezo zimabisika. Pamene magetsi akuyaka, anthu akuvina, a Ephraim amakhala atapita kale kwina.

Chizolowezi chawo chinali chimodzi. Asanagobe, ankayenda ndi mwini nyumba chipinda ndi chipinda. "Lowani ngati mwabwera ku ulendo," ankatero. "Dzanja lanu lapita pati?" Pomwe dzanja lakhudza ankalembapo ndi khala.

Koma masiku ano nyumba zambiri n'za anyamata amene ali ku Joni. Mwini wake ndi mawu a pa foni basi. Choncho a Ephraim ankalowa okha, kutuluka okha, n'kumadziyesa bambo wa nyumbayo, kenako mayi, kenako mwana. Masana ankakhala pa njerwa kudya mbatata yozizira ya dzulo. Akazi awo adamwalira zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, ana ali ku Lilongwe, ndipo kwawo kunali zii ngati nyumba zomwe ankagwiramo ntchitozo.

Nyumba ya ku Linthipeyi inali ya Collins, amene ankamangira amayi ake. Pa foni adangoti, "Madala, ikani monga mumaikira. Chipinda cha amayi ndi chakumapetoko." Atafunsa kwa oyandikana nawo, a Ephraim adamva kuti amayi akewo, mayi Elena, ali ndi nyamakazi, mawondo adauma, ndipo kudzuka pa bedi amachita kukwawa. Adayang'ana pambali pa khomo, pomwe swichi imakhala nthawi zonse, n'kuwerenga mapazi asanu ndi limodzi kuchoka pomwe pangakhale bedi. Adaona kuti akaika pamenepo, mayiwo adzagona mu mdima m'nyumba ya magetsi, kapena adzagwa pofuna kuyatsa.

Tsiku limenelo linali Lachinayi. A Stefano, omanga nyumbayo, adali atasefa kale mchenga.

"Achimwene, mawa ndikupaka pulasitala," adatero a Stefano. "Chipinda chimodzi chakukanikani? Kapena mukudikira kuti khoma likulozereni lokha?"

"Ndikudikira mwini dzanja."

"Mwini dzanja ali ku Joni, akuthirira maluwa a azungu. Gobani apa tizipita! Mukafuna kugoba nditapaka kale, tidana."

A Ephraim adatsamiritsa hamala, n'kukwera njinga yawo kupita kutsidya kwa dambo, kumene mayi Elena ankakhala okha m'kanyumba ka udzu. Adawapeza pakhonde akusenda nyemba.

"Zikomo amayi. Ndine wa magetsi, wa ku nyumba yanu ija."

"Nyumba yanga?" Mayi Elena adaseka pang'ono. "Bambo inu, ine ndimangoimva kwa anthu. Akuti ili ndi zipinda zinayi. Ndizidzagona chipinda china mutu, china miyendo?"

"Simudaionepo?"

"Andinyamule ndani? Aliyense amafunsa Collins. Mtundu wa malata, Collins. Mazenera, Collins. Inu ndinu oyamba kubwera kuno."

A Ephraim adawakweza pa kaliyala wa njinga, atayalapo jekete lawo, ndipo njira yonse adangoyenda wapansi akukankha njinga, kuopa mabampu. Atafika, a Stefano adavula chipewa, nthabwala zonse zitawathera. A Ephraim adasanja njerwa kufika msinkhu wa bedi, n'kuikapo thabwa.

"Khalani apa, amayi. Mwadzuka, kunja sikudayere, mukufuna kuwala. Tambasulani dzanja, osadzikakamiza."

Mayi Elena adakweza dzanja pang'onopang'ono, n'kukhudza khoma pamunsi kwambiri, poti ngakhale mwana wa Sitandade 1 akhoza kufikapo. A Ephraim adalembapo mtanda ndi khala.

"Pamenepo anthu adzati ndidamanga nyumba yopendekeka," adadandaula a Stefano.

"Mudzawauze kuti ndi ya nkhalamba yopendekeka," adatero mayi Elena. Onse atatu adaseka, ndipo kuseka kwawo kudamveka kwambiri m'zipinda zopanda kanthuzo.

Mayiwo sadafune kubwerera msanga. Adakhalabe pa thabwapo akuonerera a Ephraim akugoba, fumbi likugwera pa chitenje chawo. Adafunsa za akazi awo, a Ephraim n'kufotokoza, mwina koyamba chimwalirire malemuwo. Mbatata ya tsiku limenelo adaigawa pawiri. Dzuwa litapendeka adawabweza kwawo, ndipo Lachisanu a Stefano adapaka pulasitala.

Lolemba a Ephraim adali kale ku Chimbiya, m'nyumba ina ya munthu wa pa foni, akulowa ndi kutuluka okha pa khomo lopanda chitseko. Ku Linthipe adabwererako kamodzi, kudzakoka mawaya ndi kumanga maswichi, koma mayi Elena adali asanasamuke. Mapolo a magetsi adafika m'mudzimo patapita zaka ziwiri. Pa tsiku loyatsa padali phwando, koma palibe adakumbuka kuitana a Ephraim.

M'zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, a Ephraim aika mabokosi m'nyumba zoposa mazana atatu pakati pa Dedza ndi Chimbiya. M'nyumba ya ku Linthipe ija, mayi Elena amayatsa ndi kuzimitsa okha magetsi a m'chipinda mwawo, osadzuka pa bedi.